Tinapita Kukatenga Wodwala ku Nacala

Ku Mpanshya, kumene ndinakulira, mwana aliyense ankaidziwa silinda ya mpweya. Tinkakhala pafupi ndi chipatala, ndipo amayi ankagwira ntchito yochapa nsalu za m'mawodi. Ndikawapititsira chakudya masana, nthawi zina ndinkakumana nayo pakhonde, yaitali, yachitsulo, akuikankha pa kangolo kolira matayala. Anthu okhala pa mabenchi ankaleka kulankhula mpaka idutse, kenaka n'kuyamba kufunsana chapansipansi kuti yalowa m'chipinda cha ndani. Anamwino ankayesetsa kutiuza kuti chinthucho chimapulumutsa anthu, ndipo n'zoona ambiri ankachira n'kubwerera kwawo ndi miyendo yawo. Koma ife tinkakumbukira okhawo amene sanachire, ndipo mmodzi wa iwo anali atate.

Atate atamwalira, mlongo wanga wamkulu, ba Damiyano, anapita kumsewu waukulu ku Rufunsa kukafuna ganyu. Anakwera lole ina yopita ku Mozambique monga wothandiza dilaiva, n'kutisiyira mawu oti abwera mvula isanagwe. Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Masiku amenewo foni kwathu inkagwira pokhapokha utakwera phiri, ndipo ngakhale ukwere, ba Damiyano analibe nambala yoti uwaimbire. Apo ndi apo ankatituma moni kudzera mwa madilaiva, ati ali bwino, ali ku Nacala, kunyanja yamchere. Ine ndinkawasowa koopsa. Ndiwo ankandikweza pa njinga, ndiwo ankandiikira kumbuyo amayi akakwiya, ndipo chichokereni iwo khasu lawo linagwera ine.

Ndili giledi sikisi, panafika uthenga woopsa. Dilaiva wina anaima pa Rufunsa kugula nthochi, n'kuuza mayi wogulitsayo kuti waona mnyamata wa ku Mpanshya uja ku Nacala, ali ndi silinda kumsana, payipi kukamwa, thupi lonse atavala zakuda. Mayiyo anauza kondakitala wa minibasi, kondakitala anauza munthu wa njinga, ndipo pofika pakhomo pathu uthengawo unali utafupika kwambiri: Damiyano amuika pa okisijeni. Azimayi a kutchalitchi anabwera kudzakhala nafe pamphasa, mitu ili pansi, ngati anthu amene ayamba kale maliro.

Amayi sanalire. Anangoti mwana wawo sakafera kwa eni, apita kukamutenga. Ine ananditenga kuti ndikawathandize kudwazika, poti matenda aakulu safuna munthu mmodzi, komanso inali holide. M'chola anaikamo ufa wa phala, nsinjiro, kolona, ndi bulangete loti tikamufunditse wodwalayo panjira pobwera. Msuweni wawo wina ankayendetsa lole yokatenga feteleza kudoko la Nacala komweko, ndipo mapepala a pamalire atakonzeka anavomera kutitenga. Za ulendowo ndikumbukira zochepa: fumbi, kudikira pamalire, miyendo kuchita dzanzi, ndi milomo ya amayi ikupemphera kolona mosatulutsa mawu. Chilankhulo cha anthu m'mbali mwa msewu chinkasintha pang'onopang'ono mpaka tinafika poti ukapereka moni amangokumwetulira.

Nyanja ndinayamba kuimva m'mphuno ndisanaione, kafungo ka mchere ndi nsomba kobwera ndi mphepo yofunda. Lole itatsetsereka pa chitunda china, ndinaona chinthu chabuluu chitadzaza kutsogolo konse, ndipo ndinayesa ndi kumwamba. Madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a mumtsinje wa kwathu ukasefukira, ofiira, onyamula mitengo, amene amayi ankatiletsa ngakhale kuwayandikira. Awa anali phee, owala mpaka maso kuwawa. Ndinafunsa msuweni wa amayi kuti tsidya lake lili kuti, iwo anangoseka.

Amayi ankafuna tiyambire kuchipatala, koma madilaiva a kwathu amene tinawapeza kudoko anatilozera malo ena kunja kwa tauni, m'mbali mwa nyanja, ati mnyamata wa ku Zambia amapezeka kumeneko. Amayi anaganiza kuti ndi chipatala cha azungu. Titafika tinapeza timanyumba taudzu, mitengo ya koko, ndi shedi yotseguka. M'shedimo munali masilinda atandandalikidwa kukhoma, ochuluka kuposa onse amene ndinawaonapo chibadwire. Amayi anandifinya dzanja mpaka ndinamva kuwawa. Ndinawamva akunong'ona kuti ngati masilinda ndi awa, ndiye odwala ake ndi angati.

Tili chiimire, boti la injini linakocheza pamchenga. Munatsika azungu akuseka, kenaka munthu wakuda bii, wa chifuwa chotambalala, atavala chovala chakuda chothina, atanyamula silinda paphewa ngati thumba la chinangwa. Anatiyang'ana, anaitsitsa silindayo pang'onopang'ono, n'kuthamanga kudzagwada pamchenga patsogolo pa amayi. Anali ba Damiyano.

"Amai, mwafika bwanji kuno? Kunyumba kuli malilo?"

"Malilo ni ako," anatero amayi, bulangete lili m'manja. "Manje iwe sudwala?"

Amayi anawagwira mikono, anawagwira masaya, anawatsegula zikope monga amachitira anamwino pofuna kuona magazi. Atakhutira kuti mwana wawo ndi wamoyo, wonenepa kuposa mmene anachokera, anakhala pansi pamchengapo n'kulira misozi yonse imene anaisunga panjira. Koma misozi itauma, mtima unatembenuka. Ati ndiye kuti nthawi yonseyi ali bwinobwino, akusambira ndi azungu, pamene mayi wake ndi kamtsikana akuthyoka msana m'munda wa atate ake? Iwo anabwera kudzatenga mwana wawo, ndipo amutenga ndithu, kaya adwala kaya sadwala. Lole ikangomaliza kupakira feteleza, malo ake alimo. Ine mumtima ndinavina. Ndinayamba kale kudziona ndili pa njinga, ndikudutsa anzanga popita kusukulu.

Ba Damiyano anayesa kufotokoza. Ati anayamba ndi ganyu yonyamula masilinda a alendo, kenaka eni malowo anawaphunzitsa kulowa pansi pa madzi, ndipo tsopano ndiwo ankatsogolera alendo kukaona zimene zili pansipo. Anatsegula silinda imodzi kuti amayi anunkhize, ati si mpweya wa kuchipatala, ndi womwewu tikupumawu, amangouthira ndi makina. Amayi anatembenuzira nkhope kumbali. Mlongo wanga sanali munthu woyankha makolo. Ananena motsitsa mawu kuti akalamula amayi, iwo akwera loleyo, koma akupempha chinthu chimodzi: ayambe aona chimene akuwauza kuti achisiye. Amayi anati iwo si nsomba. Ba Damiyano anati ndiye apite ndi ine, malo ake ndi osazama, munthu ali m'boti amaona mpaka pansi.

Tsiku lonse amayi anakana. Koma anali munthu wosakonda kuweruza mlandu atamva mbali imodzi, ndipo m'mawa mwake, ataima nthawi yaitali m'madzi ofika m'mawondo akuyang'ana zala za kumapazi kwawo zikuoneka mbee, anavomera. Anati nawonso akhala m'botimo. Kenaka anandikokera pambali.

"Vero, ndiwe maso anga. Ukaone bwino, ubwele uniuze zoona."

Ndinagwedeza mutu, koma yankho ndinali nalo kale m'thumba. Ndinakonza zodzanena kuti kulibe chilichonse, ndi madzi chabe ndi miyala.

Linali tsiku lopanda alendo, ndipo eni malo analola. Mmawa wonse tinauthera pamadzi ofika m'chiuno. Ba Damiyano anandiveka chovala cha ana a alendo, magalasi otseka maso ndi mphuno, nsapato zazitali zonga mapazi a bakha, ndi kasilinda kakang'ono kumsana. Pamene anandipatsa cholumira cha payipi kuti ndiike kukamwa, ndinakumbukira atate. Ndinakoka mpweya koyamba ndili chitsinzinire. Unali wozizira, wouma, wonunkhira labala, ndipo sindinafe. Anandiphunzitsa kupuma mosalekeza, osaugwira mpweya, ndi kutsina mphuno n'kuuzira pang'ono makutu akayamba kuwawa. Anandiphunzitsanso kulankhula ndi manja, poti pansi pa madzi pakamwa pamakhala potanganidwa. Zinthu zikakhala bwino, umapanga kabowo ndi zala ziwiri. Chala chachikulu chokwezedwa, chimene kwathu timauzirana kuti zonse zili mushe, kumeneko chimatanthauza kuti nditulutseni. Anabwereza zimenezi kangapo, ine ndikuvomera mofulumira monga mwana wodziwa zonse.

Boti silinapite kutali. Mwini boti anaponya nangula pamalo pamene madzi anali obiriwira moyera, ndipo amayi anakhala pakatikati, dzanja lina pa thabwa, lina pa kolona. Ba Damiyano anawauza kuti aziyang'ana thovu: likamatuluka, ndiye kuti tikupuma. Tinatsika motsatira chingwe cha nangula, iwo atandigwira dzanja. Madzi atatseka pamwamba pa mutu wanga, phokoso lonse la dziko linazima. Kunatsala kupuma kwanga kokha, ndi kaphokoso kena kothetheka mbali zonse ngati chimanga chokazinga, kamene pambuyo pake anandiuza kuti ndi tizilombo ta m'miyala ndi nsomba zikudya. Silinda imene inkandilemera pamtunda inasiya kulemera. Inenso ndinasiya kulemera. Sindinkaima, sindinkagwa, ndinangolenjekeka pakati.

Kenaka ndinayang'ana pansi, ndipo mpaka lero ndimasowa poyambira. Ndinkayembekezera matope, chifukwa pansi pa madzi alionse amene ndinkawadziwa pankakhala matope. Koma apa panali mudzi. Miyala yake inali yamoyo, yomera: ina yotambalala ngati bowa wamkulu woti banja lonse n'kukhalapo, ina yanthambinthambi, ina yozungulira yokhala ndi timizere tokhotakhota, ina yofewa yogwedezeka ndi madzi. Kuwala kwa dzuwa kunkatsika m'mizere n'kumayendayenda pamwamba pake. Mitundu yake ina ndinalibe maina ake, ndipo ndilibe mpaka pano. Nsomba zimene ndinkazidziwa kwathu zinali zouma, zotuwa, za pamsika. Izi zinali zachikasu, zabuluu, zamizere, zamadontho, zina zopyapyala moti zikakutembenukira zinkasowa. Palibe imene inkatithawa. Zinkangotilambalala monga anthu otanganidwa ndi zawo.

Ba Damiyano ankandikoka pang'onopang'ono, akuloza uku ndi uku, ndipo ndinaona kuti pansipo ankayenda mosiyana ndi pamtunda, mosafulumira, mosagunda kanthu, ngati munthu amene ali kwawo. Anandionetsa kansomba kofiirira ka mizere yoyera, kakang'ono kuposa chala changa, kokhala m'kachitsamba kofewa. Nditayandikira kanatuluka n'kundithamangira kumaso molusa ngati nkhuku ya anapiye, ndipo ndinaseka mpaka madzi analowa m'magalasi. Anandionetsa chigoba chachikulu chokhala ndi milomo yabuluu, chimene chinadzitseka mthunzi wathu utadutsa. Gulu la tinsomba tasiliva linabwera, losawerengeka, linatizinga, kenaka lonse linatembenuka nthawi imodzi popanda wolilamula. Ndinamva mantha, koma osati mantha othawitsa. Anali ngati aja ndinkamva m'tchalitchi belu laling'ono likalira aliyense n'kugwada.

Pamenepo ndi pamene panabwera kamba. Kwathu kamba ndi kanyama kochedwa, kokwawa m'fumbi, koseketsa ana. Uyu anali wamkulu woti sindikanatha kumukumbatira, ndipo ankauluka. Anatulukira kuseri kwa mwala, akukupiza miyendo yakutsogolo mosadandaula, anadutsa pafupi nane mpaka ndinaona makwinya a m'khosi mwake. Anandiyang'ana ndi diso limodzi, sanandione ngati kanthu, anapitirira. Ndinkafuna kukuwa, ndinkafuna kuuza mlongo wanga kuti ndaona, ndaona, koma pakamwa panali payipi. Ndiye ndinachita chimene mwana aliyense wa kwathu akanachita. Ndinawakwezera chala chachikulu, ndi manja onse awiri.

Ba Damiyano sanafunse kawiri. Anandigwira lamba n'kuyamba kukwera nane. Ndinapukusa mutu, ndinaponda madzi, ndinayesa kukumbukira chizindikiro china chija, koma iwo ataona kuphiriphitha kwangako anatsimikiza kuti zandivuta. Mudzi uja unayamba kutalika pansi pa mapazi anga, kamba akuchepa, mpaka mitu yathu inatulukira padzuwa pafupi ndi boti. Amayi anali ataimirira kale, mwini boti akuwakoka chitenje kuti akhale pansi. Ankafunsa kuti chachitika n'chiyani, mwana walumidwa kapena wamwa madzi. Ine ndinalavula cholumira chija n'kuyamba kulira ngati wamenyedwa.

"Nibwezeleni pansi! Ba Damiyano, simunamvetse, nibwezeleni!"

Mlongo wanga atazindikira chimene chinachitika anaseka mpaka kutsokomola. Amayi sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndikusisima, mamina ali mbwee m'magalasi, ndipo sanandifunsenso zimene anandituma. Anamasula duku lawo, analipinda, n'kutambasula dzanja kuti awapatse magalasiwo. Ba Damiyano anawaveka, amayi anagwada m'mphepete mwa boti, mwini boti atawagwira m'chiuno mwamanyazi, ndipo anaviika nkhope m'madzi. Anakhalitsa. Anadzuka akupuma mwawefuwefu, anaviikanso, anadzuka, anaviikanso. Pomaliza anakhala pansi, madzi akuyenderera m'khosi mpaka m'bulauzi.

"Zonse izi zinali pansi apa masiku onse?" anafunsa. "Olo kulibe oona?"

"Masiku onse, amai."

Anachita chizindikiro cha mtanda. Kenaka anauza mlongo wanga kuti amubwezere mwanayo pansi asanagonthetse anthu m'makutu. Tinatsikanso, koma kamba uja sitinamupezenso.

Tsiku limene lole inamaliza kupakira, ba Damiyano anafika kudoko atanyamula chola chawo. Anali atatsanzika kale kwa eni malo, chifukwa mawu anali atapereka ndipo amayi anali asanawabweze. Amayi anayang'ana cholacho, anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana kunyanja.

"Bweza chola," anatero. "Koma uzibwela tikuone. Sinifuna kumvela za iwe kwa ogulitsa nthochi."

Ine ndinakwiya kwambiri. Ndinakwera lole osatsanzika bwino, ndinatupa masaya mpaka pamalire. Amayi anandileka, kenaka anandiuza kuti ndisawatupire iwo, mlandu ndinaugamula ndekha ndi kulira kwanga. Ati ngati ine, amene ndinangosuzumira kanthawi, ndinalira chotero atandichotsako, nanga mlongo wanga akanakhala wotani? Akanabwera naye munthu wolima ndi manja okha, mwini wake atatsala m'madzi. Nanenso ndikatsinzina ndinkangoona kamba uja. Titafika kunyumba, azimayi a kutchalitchi anabwera mwakachetechete kudzafunsa za wodwala, ndipo amayi anavutika nawo kufotokoza. Munda tinapitiriza kulima awiri, ine ndi amayi.

Lero zinthu zinasintha. Foni imagwira ngakhale uli m'khitchini, ndipo uthenga sufupikanso panjira. Mwana wa ba Damiyano, amene Chinyanja chake chimatsimphina, amatitumizira mavidiyo a pansi pa nyanja omwewo. Ana anga amayang'ana pang'ono, amati n'zokongola, n'kukankha ndi chala kuti aone zina. Sindiwadzudzula. Iwo anayamba kuona zithunzi asanaone chinthucho, pamene ine ndinalowamo ndikuyembekezera matope. Sindinalowenso pansi pa madzi chiyambire tsiku lija, koma palibe tsiku lina pa moyo wanga limene ndimalikumbukira bwino chotero.

Ba Damiyano anasunga mawu a amayi. Ankabwera, ndipo amabwerabe, tsopano ali ndi imvi. Ulendo wawo woyamba ndinawathamangira kumsewu, ndikuganiza kuti zonse zibwerera mwakale, adzagona pamalo pawo, m'mawa adzatenga khasu. Koma titafika pakhomo, amayi anawatulutsira mpando umene tinkatulutsira ansembe okha, anawapatsa madzi osamba m'manja, n'kundituma kuti ndikagwire tambala. Ndinamuthamangitsa kuzungulira nkhokwe misozi ili m'maso, chifukwa kwathu nkhuku timaphera mlendo.